Zala Zitatu Kumbuyo kwa Anamwino

Chitseko atadzuka paudzu pamene anagwera, anayamba kuthamangira kolakwika. Oonerera anaseka mpaka kugwira nthiti. Chimunthu chachikulu ngati chija, jezi ya nambala 3 itamatirira pamimba, chikuthamanga ndi mphamvu zonse kulowera kumagolo a timu yake yomwe! Wailesi, mng'ono wake, nayenso anaseka. Kuseka kumeneko mpaka lero sikumupatsa mtendere.

Kalabu yawo ya ragibi inali ya anthu ogwira ntchito, ndipo panalibe wolipidwa. Kaputeni anali wogulitsa nyama. A Kochi anali dalaivala wa basi wopuma pantchito. Chitseko anali kalipentala, ndipo dzinalo anamupatsa chifukwa akaima pakhomo, mphepo sinkalowa. Wailesi ndiye anali wamng'ono thupi pa onse, mwana wa kukoleji, wovala nambala 9. Ntchito yake inali kutola mpira kumbuyo kwa amuna akuluakulu akamakankhana mapewa, n'kuuponyera othamanga. Pakamwa pake sipankatsekeka, ndiye dzinalo.

Lachiwiri ndi Lachinayi akaweruka ankakumana pabwalo la kuseri kwa fakitale ya sopo. Kwa zaka zambiri ankathera kunsi kwa ligi, koma chaka chimenecho zinthu zinawayendera. Anali atapambana magemu asanu ndi anayi. Kutsogolo kunali gemu ya tsikulo ndi ena awiri, ndipo akanawina onse akanakwera kupita mu ligi yaikulu.

M'kontena yakale imene ankasinthiramo zovala munali thabwa lalitali lokhala ndi misomali khumi ndi isanu. Analikhoma ndi Chitseko yemweyo. Msomali uliwonse unali wa jezi ya timu yoyamba. Lamulo la kalabu linali lakuti ukajomba gemu imodzi, kaya pa chifukwa chanji, jezi yako amavala wa timu yachiwiri, ndipo sakubwezera mpaka nayenso adzajombe. Chitseko anali atasunga msomali wake zaka zisanu ndi zinayi. Tsiku limene mwana wake anabadwa, anachoka kuchipatala n'kudzasewera.

Tsopano anali atagundana mutu ndi bondo la munthu. Woyimbira anaimitsa mpira, ndipo anamwino anathamangira pabwalo ndi kachikwama kawo. Anali mayi wa pachipatala chapafupi amene ankabwera Loweruka lililonse mongodzipereka. Wosewera akagunda mutu, ankamufunsa mafunso. Akalephera, ankalemba dzina lake papepala la ligi, ndipo ankakhala masabata atatu osasewera.

Koma anyamatawo anali ndi njira yawo, imene ankaitcha kuthandizana mayeso. Mmodzi ankatenga mabotolo a madzi n'kuima kumbuyo kwa anamwino ngati wodikira kupereka madzi. Tsiku limenelo mabotolo anatenga Wailesi.

"Tandiyang'anani, bambo," anatero anamwino. "Tili m'chigawo choyamba kapena chachiwiri?"

Maso a Chitseko anayendayenda ngati a munthu wotsika basi pamalo achilendo. Kenako anapeza nkhope ya mng'ono wake. Wailesi anaika zala ziwiri pabotolo.

"Chachiwiri."

"Timu yanu ili ndi mapointi angati?"

Zala zitatu.

"Atatu, amayi. Ochepa, koma tikubwera."

Anamwino anacheuka mwadzidzidzi, koma anapeza Wailesi akumwa madzi.

"Mayankho ndi olondola, koma maso awa sindikuwakhulupirira," anatero.

"Wakhoza mayeso, amayi," anayankha a Kochi. "Mukufuna akuwerengereni ndi malemba omwe?"

Anamwino anabweza cholembera m'thumba. Anagwira Wailesi padzanja. "Iwe, ndiwe m'bale wake. Akamasanza, akamaiwala, mutu ukamamupweteka, ubwere naye kwa ine tsiku lomwelo. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

Anapambana gemuyo. M'kontena munali nyimbo, ndipo Kaputeni ananyamula Wailesi m'mwamba. "Mphunzitsi wathu uyu! Sukulu siinapite pachabe!"

Lolemba masana Wailesi anadutsa kushopu ya mkulu wake pochokera kukoleji. Anamupeza atagwira tepi, akuyeza thabwa limodzi kachitatu. Pambali panali tebulo la kasitomala litaima mopendekeka, mwendo umodzi utafupika. Chitseko, munthu amene ankadula thabwa ndi diso lokha osalakwitsa!

"Achimwene, mwendowu bwanji?"

"Macheka abuntha."

Lachiwiri anamupeza atakhala pamulu wa matabwa, chipewa chitaphimba maso. Anati dzuwa likulasa. Kuseri kwa shopu, pautuchi, panali masanzi ofotsera mwachangu. Lachitatu mwana wake wamkazi wa zaka zinayi anali kuimba pakhonde, ndipo Chitseko anamukalipira mpaka mwanayo anabisala kuseri kwa mpando. Zimenezo zinali zisanachitikepo.

Mkazi wa Chitseko anaitanira Wailesi kukhitchini.

"Alamu, ndiuzeni zoona. Achimwene anuwa anagwa bwanji Loweruka?"

"Kugwa kwa masiku onse, alamu. Ndi kutopa chabe."

"Dzulo andifunsa kawiri ngati mwana wadya. Kawiri, mbale ili m'manja mwawo."

"Sizoni ikatha apuma. Musadandaule."

Komabe Wailesi anapita kukakhala pafupi ndi mkulu wake pakhonde.

"Achimwene, bwanji tikaonane ndi anamwino aja?"

"Kuti andilembe papepala? Ukufuna jezi yanga avale Fyuzi?" Fyuzi anali wokonza magetsi, wa timu yachiwiri, amene anali atadikira msomali wa nambala 3 zaka zinayi. "Munthu uja akakankha, ngakhale katani siisuntha. Magemu awiri okha, Wailesi. Kenako ndigona mpaka unditole ndi wilibala." Anamugwira pakhosi monga ankachitira kuyambira ali ana. "Unandithandiza, mphwanga. Usandigulitse pano."

Lachinayi kubwalo, Wailesi anafunsa Kaputeni mwakachetechete za mutu wa mkulu wake.

"Mutu? Mapilitsi awiri ndi madzi ozizira, basi," anatero Kaputeni. "Ine ndinakomokapo kanayi, ukundiona ndikudya udzu? Mpira uno si wa anthu osungira nkhope ukwati."

Tsiku lomwelo anamwino anadutsa pabwalo pochokera kuntchito, akadali mu yunifolomu. Chitseko atawaona analowa m'kontena. Anamwino anakodola Wailesi.

"Mkulu wako ali bwanji?"

"Ali bwino, amayi. Akudya ngati anthu atatu."

"Tamvera, mwana wanga. Ubongo ndi wofewa, ndipo uli m'chigaza cholimba. Mutu ukagunda, ubongo umamenyetseka mkati, ngakhale kunja kusaoneke bala. Umachira, koma umafuna nthawi. Ukagundanso usanachire, ngakhale pang'ono, ukhoza kutupa, ndipo m'chigaza mulibe malo otupira. Mapilitsi amangotseka pakamwa mutu, sachiritsa. Mafunso anga aja si mayeso a kusukulu. Munthu akalephera, ndiye kuti tamupeza msanga. Ndikufunsenso: ali bwanji?"

Wailesi anayang'ana kukontena. Chitseko anali atasuzumira pakhomo, akumwetulira.

"Ali bwino, amayi."

Loweruka kunali mitambo. Sikunali kugunda kwakukulu ayi. Panalibe amene anakuwa, ndipo woyimbira sanaimitse n'komwe mpira. Chitseko anagwetsa munthu monga ankachitira kakhumi pa gemu iliyonse, mutu wake n'kukhudza chiuno cha munthuyo. Anadzuka, nayenda pang'onopang'ono kupita kwa mng'ono wake.

"Iwe Wailesi, pensulo yanga waiona?"

"Pensulo yanji, achimwene? Tili pampira."

Chitseko anagwira kuseri kwa khutu pamene ankaika pensulo kushopu. Kenako anakhala pansi mwaulemu, ngati mlendo amene wapatsidwa mpando, n'kugona chammbali.

Anamunyamula amuna asanu ndi mmodzi n'kumuika m'galimoto ya Kaputeni yonyamulira nyama. Kuchipatala dokotala anafunsa funso limodzi: "Kodi anagundapo mutu masiku apitawa?" Anamwino anatembenuka n'kuyang'ana Wailesi. Wailesi anayang'ana zala zake.

Chitseko anamwalira Lolemba m'mawa, osatsegulanso maso.

Pamaliro Kaputeni analankhula m'malo mwa kalabu. Anati malemu anagwera pabwalo ngati mwamuna weniweni, osajomba ngakhale gemu imodzi. Anthu anavomera ndi mitu. Wailesi anayang'ana mwana uja atakhala pamiyendo ya amayi ake, akusewera ndi riboni ya nkhata, ndipo anafuna kufunsa kuti mwamuna weniweniyo amuperekeza liti kusukulu. Koma pakamwa pake panali patatsekeka.

Gemu yotsiriza anagonja kwambiri, ndipo sanakwere. Jezi ya nambala 3 anavala Fyuzi, akulira.

Wailesi sanabwererenso kukoleji. Anatsegula shopu ya mkulu wake n'kuyamba kumaliza ntchito zimene zinatsala, akuphunzira ndi zala zodzicheka. Tebulo lopendekeka lija analikankhira pakona. Makasitomala ankati mnyamatayo ndi waulemu, koma salankhula.

Tsiku lina mlamu wake anamubweretsera tiyi kushopu. Wailesi anaika pansi randa yopalira matabwa n'kumuuza zonse: mabotolo, zala, masanzi a pautuchi, ndi bodza la kukhitchini. Mayiyo anamvetsera osaphethira. Anakhala nthawi yaitali akupukuta utuchi pabenchi ndi chikhatho.

"Mukanandiuza ine, alamu," anatero potsiriza, "ndikanangobisa nsapato zawo. Basi. Akanakalipa sabata imodzi."

Anasiya tiyi pabenchi n'kutuluka.

Sizoni yatsopano itayamba, a Kochi anabwera kushopu katatu kudzamupempha. Timu inalibe nambala 9. Wailesi anavomera, mwina chifukwa Loweruka linkatalika kwambiri.

Pa gemu yachitatu, Njinga anagwa. Anali wothamanga wa kumphepete, wokonza njinga pamsika, amene anali atangokwatira kumene. Anamugwetsa ali m'mwamba, mutu n'kumenya pansi. Anadzuka akudzandira, akuseka zopanda pake. Anamwino anathamangira pabwalo. Ndipo Wailesi anaona Fyuzi akutola mabotolo awiri n'kupita kukaima kumbuyo kwawo.

Palibe amene anamutuma. Manja anangochita zimene anazolowera.

"Tili m'chigawo choyamba kapena chachiwiri?" anafunsa anamwino.

Chala cha Fyuzi chinayamba kukwera pabotolo. Wailesi anafika n'kugwira dzanjalo mwamphamvu, botolo n'kugwa pansi.

"Iwe, wapenga?" ananong'ona Fyuzi.

"Amayi," anatero Wailesi, mawu ake akumveka mpaka kumabenchi, "muzicheuka. Timaima kumbuyo kwanu n'kumaonetsa mayankho ndi zala. Takhala tikuchita zimenezi zaka zonsezi. Achimwene anga sankadziwa chigawo, sankadziwa mapointi. Ndinawauza ndine. Zala ziwiri, kenako zitatu."

A Kochi anavula chipewa n'kuyamba kuchipinda m'manja.

Anamwino anatembenuza Njinga kuti ayang'ane kumpanda, kumene kunalibe munthu. "Chigawo chanji, bambo?"

Njinga anaganiza. "Kodi tayamba kale?"

Anamwino anatulutsa cholembera.

Anagonja ndi mapointi awiri. M'kontena munalibe amene anakhala pafupi ndi Wailesi. Kaputeni anaponya nsapato pakona. "Za m'nyumba timaulula pabwalo tsopano?"

"Nanga tiziulula kumanda, a Kaputeni? Kumeneko munalankhula kale bwino."

Njinga, atakhala ndi thaulo lonyowa pamutu, anamuloza. "Wandidyera jezi, iwe. Zaka zitatu ndikuivutikira."

A Kochi anaimirira pang'onopang'ono. Anatenga jezi ya Njinga, naipachika pamsomali wake, n'kupinda msomaliwo ndi chidendene cha nsapato kuti jeziyo isachoke. "Iyi idikira mwini wake," anatero. "Wolowa m'malo avale ina. Amene sakufuna, khomo ndi ilo." Anthu awiri anatulukadi, ndipo sanabwerenso. Chaka chimenecho timu inathera pa nambala 8.

Njinga sanamukhululukire msanga Wailesi. Patapita sabata ziwiri anadutsa pamsewu wa kushopu, akukankha njinga chifukwa anamwino anali atamuletsa kupalasa, mkazi wake akuyenda pambali pake atanyamula kabichi. Wailesi anakweza dzanja. Njinga anayang'ana kumbali, nalavula.

Wailesi anaima pakhomo, randa ili m'manja, n'kumuyang'ana mpaka anakhota pakona. Munthuyo ankayenda mokwiya, akukangana ndi mkazi wake za chinachake, mapewa ali m'mwamba. Wailesi anaganiza za mmene mkulu wake akanayendera pamsewu womwewo, atakwiya chomwecho, osamulankhula mwezi wathunthu.

Analowa m'shopu, nakoka tebulo lija pakona, n'kuyamba kuyeza mwendo watsopano.

Phunziro: Munthu akagunda mutu pamasewera, atuluke pabwalo nthawi yomweyo ndipo aonedwe ndi achipatala, ngakhale iye akunena kuti ali bwino. Kusanza, kuiwala, kupsa mtima kwachilendo, mutu wosaleka kupweteka ndi kuopa kuwala ndi zizindikiro zoti ubongo wavulala. Asasewerenso mpaka achipatala atamulola. Osamuyankhira mafunso, osamubisira kwa a m'banja lake. Mnzako akakukwiyira chifukwa wamutulutsa pabwalo, msiye akwiye. Mkwiyo umatha, ndipo iye adzakhala alipo.