Manambala a m'kope la a Thyolani

Kwa zaka makumi awiri, ntchito ya a Thyolani, dzina limene ophunzira anawapatsa, inali kudula zitsulo m'chipinda choyesera cha pa yunivesite. Ankamanga kachitsulo m'makina, makinawo n'kukakoka mpaka kaduke, iwo n'kulemba m'kope mphamvu imene kadukira.

Ndiye kunabwera pulogalamu ya pakompyuta. Panalibenso phokoso kapena girizi, ophunzira ankangodina batani, chitsulo chojambula n'kuduka pa sikirini. A Thyolani sanaikonde m'pang'ono pomwe. Mkulu wa dipatimenti, munthu amene sankapondako n'komwe m'chipindamo, atayamba kuwapatsa moni wa manja awiri ndi kufunsa za nyamakazi yawo, iwo anangoti chikomekome cha mkuyu. Tsiku lachitatu mkuluyo anapempha manambala a m'kope muja, ati alowe m'pulogalamu kuti izinena zoona.

Zoona zake ziti? Akakama kopelo, mwini wake amusungiranji? A Thyolani anavomera ndi pakamwa pokha. Pokopera manambalawo ankawonjezera apa ndi apo, chitsulo chofooka n'kumaoneka champhamvu. Ankati tsiku lina adzadula chenicheni pamaso pa onse, kompyutayo ichite manyazi. Miyezi iwiri anadikira kalata yowachotsa ntchito. Sinabwere, ndipo kusabwerako kunawakayikitsa koposa.

Loweruka lina m'mawa anapeza mwana wawo wamkazi, wa chaka chachitatu m'dipatimenti yomweyo, atayala mapepala patebulo. Ankawerengetsa zitsulo za nsanja ya thanki ya madzi imene kalasi yawo inali kukamanga pa sukulu ya mkaka kuseri kwa yunivesite. A Thyolani anasuzumira paphewa pake n'kuona nambala imene anaipeka okha ndi dzanja lawo. Anachita mantha enieni, koma manyazi anawaletsa kuulula zimene anachita. Anangofunsa mozungulira ngati sikungakhale bwino kuyamba ayesa chitsulo chenicheni, poti makompyuta amanama.

Mwanayo anaseka osadzutsa mutu, pensulo ili kuyenda.

"Ena amanama, bambo, koma yathuyi ayi. A mkulu anatiuza m'kalasi kuti tisakayike chilichonse, manambala ake ndi anu."