Muvi wa Choko pa Nguluwe

Bambo anasiya kundizindikira pang'onopang'ono. Anayamba ndi kundiitana dzina la malemu mayi, kenako la azakhali, mpaka m'mawa wina anandipatsa moni wa mlendo: "Mwadzuka bwanji, mayi?" Ndinayankha kuti ndadzuka bwino, n'kuwaperekeza kubafa. Anthu amandifunsa ngati ndinalira tsiku limenelo. Sindinalire, madzi osamba akanazizira.

Chimene sanaiwale ndi Nguluwe, njinga yamoto ya mawilo anayi imene anapatsidwa popuma ntchito ya umakanika pa famu. Anaitcha choncho chifukwa matope ndiye kwawo. Tsiku lina anaikwera kuti akupita ku ntchito, ntchito yoti anaisiya kalekale, ndipo tinakawapeza m'ngalande, Nguluwe itawagonera mwendo. Achimwene, amene amasamalira bambo pa foni, anati ndingoigulitsa. Ndinayesa kukaibisa kwa aneba. Bambo anakhala pakhomo pa shedi imene Nguluwe inkagonamo, chakudya osachiyang'ana n'komwe, mpaka ndinakaitenga.

Ndiye ndinachita zimene ndimadziwa. Umakanika anandiphunzitsa ndi iwo omwewo, ndili kamtsikana kamene sipanala inkakalemera. Ndinazula kawaya kakang'ono kopita ku sitata n'kukalowetsa kuseri kwa batire. Kenako, poti mwini wake ndimawadziwa, ndinatsegulanso chivundikiro cha kilatchi n'kuchotsa lamba. Popanda lamba injini ikhoza kulira mpaka kusasa mawu, koma mawilo sangasunthe. Lambayo ndinakamuika pansi pa matiresi anga.

Kwa kanthawi zinayenda. Ankalowa mu shedi, kudina batani, Nguluwe osayankha. Ankati batire latha, atchaja mawa, ndipo pofika pakhonde anali ataiwala.

Koma m'mawa wina anadzuka manja akuwayabwa. Ndinawapeza atakoka bokosi la zitsulo, atakhala pa chigubu.

"Mayi, tagwirani buleki iyi," anatero. "Zina sizilira ukapanda kuigwira."

Ndinagwira. Anapotokola kiyi, nyale inawala.

"Mwaona? Batire lili ndi moyo, ndimangolinamizira." Anayang'ana ngati giya ili pakati, n'kudina batani. Zii. Anayandikiza khutu pa kabokosi kamene kamapereka moto ku sitata, n'kudinanso. "Aka kamayenera kunena kuti tik. Kakanena tik koma injini osatembenuka, vuto ndi sitata, kapena mitu ya batire yachita dzimbiri. Koma kakakhala chete chonchi ndiye kuti uthenga sukukafika."

Munthu woti m'mawa womwewo anali atalowetsa miyendo yonse iwiri mbali imodzi ya buluku. Ndinkangowayang'ana, ngati mmene munthu amayang'anira mvula ikubwera zovala zili pa chingwe, miyendo osafuna kudzuka.

Anapala mitu ya batire ndi mpeni. Anagogoda sitata ndi chigwiriro cha nyundo, pang'onopang'ono, mwaulemu. Kenako anatenga sikuludiraiva n'kugunditsa zitsulo ziwiri za pa kabokosi kaja. Moto unathetheka, sitata inatembenuza injini.

"Ehe! Sitata ilibe mlandu."

"Bambo, tiyi akuzizira," ndinatero.

"Tiyi sathawa."

Anatsinzina n'kuyamba kutsatira mawaya ndi zala, mmodzimmodzi. Dzanja linalowa kuseri kwa batire, ndipo linatuluka ndi kawaya kanga. Anakapemerera, kukabwezera pamalo pake, kudina batani. Nguluwe inakhosomola kenako inalira, utsi n'kudzaza shedi yonse. Bambo anaseka ngati mwana. Ine ndinangoyang'ana ku geti, kuonetsetsa kuti loko ali pomwepo.

Kukwera kunawatengera nthawi chifukwa cha mwendo uja. Analowetsa giya, kukankha moto. Injini inakuwa, malata a denga mpaka kunjenjemera. Nguluwe sinasunthe. Anayesa giya yobwerera m'mbuyo, chimodzimodzi. Anazimitsa n'kununkhiza m'mwamba.

"Lamba akamaterereka amanunkha mphira wopserera," anatero. "Akaduka amamenya chivundikiro, phokoso lake sungalakwitse. Uyu sakununkha, sakumenya. Ndipatseni sipanala yaing'onoyo."

Ndikananena kuti yasowa. Ndikanawakumbutsa za mankhwala, kapena kuyerekeza kuti foni ikuitana. Mabodza otere ndimawanena tsiku lililonse osaphethira. Koma ndinali nditatopa, kutopa koti bodza nalonso limalemera, ndiye ndinangowapatsa.

Anamasula mabawuti n'kumawayala pansi mozungulira, lililonse moyang'anana ndi bowo lake, chifukwa ena ndi aatali ena aafupi. Chivundikiro chinachoka. M'katimo munali mbale ziwiri zachitsulo zimene lamba amayendapo, zoyera, zopukutidwa bwino. Lamba munalibe, ngakhale kachidutswa.

Ndinadikira kukalipiridwa. Koma bambo sankayang'ana mbalezo. Ankayang'ana pamwamba pake, pa khoma la injini, pamene panali muvi wa choko.

Lamulo lawo linali limenelo kuyambira kale: lamba amene wazolowera kuyenda mbali imodzi umamubwezera mbali yomweyo, apo ayi sachedwa kutha. Ndiye usanamuchotse, jambula muvi pa lambapo, wina pa injini. Sindinkakumbuka n'komwe kuti ndinajambula. Dzanja linangochita lokha. Ndipo mivi yanga sinawongokepo chibadwire: ndimalemba ndi dzanja lamanzere, ndiye imatuluka yopendama, ya zala zitatu.

Bambo anaukhudza ndi chala.

"Phazi la nkhuku," anatero, akumwetulira. "Uyu ndi Manzere."

Dzina limenelo ndinali ndisanalimve m'kamwa mwawo kwa nthawi yaitali.

"Mwana wanga wamkazi, mayi. Simukumudziwa? Ndinayesetsa kumuphunzitsa kujambula muvi, ndinalephera. Koma taonani mmene wapukutira muno." Anandiyang'ana m'maso. "Wabwera liti?"

"Dzulo," ndinatero.

"N'kubwerera osandilonjera?"

Ndinamva mawuwo akulowa, ndipo ndinadikira kuti apweteke. M'kati mwanga munali zii, ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali. Ndinadziwa kuti chisoni chilipo penapake, koma nachonso uthenga sunkachifika.

"Anakupezani muli m'tulo, bambo. Sanafune kukudzutsani."

Anagwedeza mutu. Yankholo linawakwanira.

"Waona kuti lamba watha, ndiye wapita naye kukafuna wina wofanana. Ameneyo sasiya ntchito pakati. Abwera." Anatola mabawuti n'kuwaika m'kachitini, chivundikiro anachitsamiritsa ku khoma kuti fumbi lisalowe. Kenako anazula kiyi n'kundipatsa, chinthu chimene anali asanachitepo. "Sungani. Ku ntchito sindipita, angabwere n'kundiphonyanso."

Kuyambira tsiku limenelo Nguluwe sanaikhudzenso. Achimwene ataimba ndinawauza kuti bambo asiya zokwera njinga, ndipo anati ndi nkhani yabwino kwambiri, ndachita bwanji? Ndinati zangochitika.

M'mawa uliwonse bambo amalowa mu shedi, kuyang'ana muvi uja, kenako amakoka mpando n'kukakhala pafupi ndi geti. Aliyense wodutsa mumsewu amamutsatira ndi maso mpaka akakhote. Ndikabweretsa tiyi amati, "Mayi, thirani makapu awiri, mwina afika pompano." Ndimathira awiri.

Kapu inayo imakhala pa kampando mpaka tiyi atazizira. Ndikamachotsa ziwiya ndimakamwera kukhitchini, choimirira, kenako ndimatsuka makapu onse awiri.