Kanjira Kamene Sikanali pa Mapu

Tsiku limene anthu ovala zipewa zachikasu anayamba kukhoma zikhomo m'mbali mwa njanji, mayi wosoka zovala wa mumzere wathu anasiya makina ake n'kutuluka, tepi ili m'khosi. Anamuuza kuti njanji ikukonzedwa, kukubwera sitima zaliwiro, ndipo mbali zonse ziwiri kumangidwa mpanda.

Nkhaniyi inamudetsa nkhawa mayiyo. Mwamuna wake anafa ziwalo mbali imodzi, ndipo Lachiwiri lililonse ankamukankha pa chikuku kupita ku mafizo olimbitsa ziwalo kuchipatala, tsidya lina la njanji. Ankadutsira pakanjira kachidule pomwe anthu anayalapo matabwa. Kuzungulira kumsewu waukulu, komwe kuli geti lowolokera njanji, unali ulendo wa maola awiri, chitunda chokhachokha.

"Pakatsekedwa pamenepo, ine basi ndizingokhala," anatero mwamuna wake. "Usathyoke msana chifukwa cha ine."

"Mwendo wayamba kumene kumva, ndiye musiye? Zimenezo ayi," anayankha mkaziyo.

Anapita kwa neba wathu amene anapuma pantchito yokonza njanji, yemwe tonse timangomuti a Kapitawo. Iwo anamutengera kusiteshoni, komwe mapu a ntchitoyo anamatidwa pakhoma. Panali misewu, siteji ya basi yatsopano, msika, chipatala. Kanjira kathu panalibe.

"Atiiwala dala!" anatero mayiyo.

"Dikirani kaye, mayi. Chaka chatha kunabwera atsikana a mafunso, khomo ndi khomo. Atakufunsani komwe mumawolokera njanji, munati chiyani?"

Mayiyo anayang'ana pansi. "Ndinati pa geti."

"Eya! Mzere wonse munati pa geti. Geti limenelo likanakhala ndi pakamwa likanafunsa kuti anthu amenewa ndi ndani."

Zinali zoona, ndipo manyazi ndi athu tonse, chifukwa ngakhale ine ndinanama. Pakanjira paja pali chikwangwani choletsa kudutsa, ndiye tinkaopa kuti tikanena zoona atimanga. Tinadziyesa ochenjera, osadziwa kuti tikudzifufuta tokha pa mapu.

"Mpandawo musadane nawo," anapitiriza a Kapitawo. "Sitima yakale imachita kutsokomola ili kutali. Yatsopanoyi mukaimva ndiye kuti yafika. Chikuku chitakodwa pamatabwa paja, simungachichotse. Koma pulaniyi sinasainidwe. Loweruka kuli msonkhano womva maganizo a anthu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Loweruka chipinda chodikirira sitima chinadzaza. Injiniya, mayi wa magalasi, anafotokoza zonse n'kufunsa ngati pali wina ali ndi mawu. Pakhomo panaima wapolisi, ndipo anthu amene kunja amalongolola ngati wailesi anangoti zii.

Mayi wosoka uja anaimirira.

"Ine ndinanama," anatero. "Sindidutsa pa geti. Ndimadutsa poletsedwa paja, ndi amuna anga pa chikuku. Ngati n'kumangidwa, mundimange, koma mulembe kaye kuti pamenepo pamadutsa anthu."

Wogulitsa masamba anakweza dzanja. Kenako mphunzitsi, kenako namwino, kenako ife tonse. Wapolisi uja anakanda mutu, nayenso n'kukweza lake, chipinda chonse n'kufa ndi phwete.

"Sitinabwere kudzamanga munthu," anatero injiniya. "Timajambula zimene mwatiuza. Mukabisa, timamanga mlatho pomwe sipadutsa anthu."

Lachiwiri m'mawa injiniyayo anadzaima yekha pakanjirapo ndi kope, ndipo lisanakwane ola la chakudya chamasana anali atalemba anthu oposa mazana anayi. Patapita milungu itatu anabweretsa mapu atsopano, okhala ndi mlatho wa oyenda pansi. Anthu anaomba m'manja, koma mayi uja anayandikira n'kuloza ndi chala.

"Timizere iti n'chiyani?"

"Masitepe."

"Ndiye amuna anga ndiziwabereka?"

Injiniya anavula magalasi, napepesa, n'kulembanso. Masitepe anatsala, koma pambali pake, kokwerera ndi kotsikira komwe, anaikako njira yotsetsereka pang'onopang'ono, yoti chikuku, njinga ndi wilibala zizikwera.

Ntchito inatenga chaka ndi miyezi, koma kanjira sikanatsekedwe mpaka mlatho utatha, monga tinagwirizana ndi injiniya. Mwamuna uja sanaphonye mafizo ngakhale tsiku limodzi. Mmawa wotsegulira mlatho, atafika pamwamba, anauza mkazi wake kuti aimitse chikuku. Anagwira chitsulo cha m'mbali, nadzuka, n'kuyenda mapazi asanu ndi limodzi sitima ikudutsa pansi pake. Mkaziyo analira osabisa.

Anzanga, akabwera ofunsa za njanji, msewu kapena mlatho, auzeni zoona za mmene mumayendera, ndipo pitani kumsonkhano pulani isanasainidwe. Okonza mapulani sangakumangireni njira imene mwawabisira.