Chingwe cha a Magalasi

A Magalasi, aneba athu a nyumba yachitatu, anandilanda malo m'nyumba mwanga momwe, mwezi umene mwana wathu wamkazi anatisiyira kompyuta yake yakale popita kubanja.

Kale TV ikayamba kuonetsa mchenga, wokwera padenga ndinali ine. Ndinkapotoza eriyelo, mayi akunyumba ali pawindo kukuwa: "Bwererani pang'ono! Mwapitirira! Pomwepo, musapume!" Ndikatsika ankandisasa fumbi kumsana. Chithunzi sichinkaoneka bwino kwenikweni, koma chinali cha thukuta langa.

Ndiye kunatulukira iwowa, bambo oti akazi awo anamwalira, nthawi ili mbwee.

"Achimwene, za padenga zinatha," anatero. "Mafilimu, nyimbo, nkhani, zonse zili m'kompyutamu. Kungolumikiza ku TV basi. Chingwe ndikubwerekani."

Wobwereketsa chinthu usanapemphe amakhala ndi chake mumtima. Chingwecho chinali chachifupi ngati mchira wa mbuzi. Kompyuta sikanachoka patebulo la pafupi ndi soketi, choncho imene inasuntha ndi TV. Inachoka kutsogolo kwa mpando wanga n'kukayang'anizana ndi sofa ya anthu awiri.

Atalumikiza, chithunzi chinabwera chodukaduka m'mbali, anthu ake onenepa, nkhope zofiira ngati apsa ndi moto. Mumtima ndinati zakukanikani. Koma iwo anatenga limoti n'kukhala pasofa, pambali pa akazi anga.

"Chithunzi timakonza titakhala pamene oonera amakhala," anatero. "Mayi, maso anuwo ndi abwino. Kufiiraku kwatha?"

"Chepetsani pang'ono," anayankha mayi. "Mwapitirira. Bwererani. Pomwepo."

Mawu anga amenewo. Anawapereka kwa munthu woti sanakwere ngakhale pampando.

Chithunzi chinawala, sindikana. Mpaka thukuta la woimba linkaoneka. Koma pamene ndimakhala ine, TV ndimaionera chammbali, ndipo masana windo limawaliramo. Ndimaona makatani athu ndi theka la munthu.

"Nanga ine ndizionera chiyani?" ndinafunsa aneba atapita.

"Sunthani mpando, bambo."

"Utseke chitseko?"

"Ndiye bwerani pasofa. Kodi pali minga?"

"Pali mwini wake."

"Nsanje paukalamba ndi matenda," anatero akuseka. "Munthu wakupulumutsani kuti musadzagwe padenga, inu m'malo mothokoza mukutupa ngati finye."

M'mawa mwake ndinapita kumsika kukagula chingwe changa, chachitali, choti TV ibwerere pamalo pake. Ndinaikoka ndekha, n'kulowetsa chingwe m'mabowo momwe ndinaonera iwo akuchitira. Chithunzi chinabwera, n'kuthima, n'kubweranso chili ndi timadontho tobiriwira. Ndinagwedeza, ndinauzira, osatheka.

Mayi sanandifunse n'komwe. Anangotuluka kukawaitana.

A Magalasi anachigwira chingwe changa ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa.

"Akupusitsani, achimwene. Zotchipazi zikatalika, chithunzi chimafera m'njira. Mukanandiuza tikanapitira limodzi."

Munthu amene anandigulitsa chingwecho ndinawaonapo a Magalasi akucheza naye, kawiri konse. Ndinanena zimenezo. Onse awiri anaseka, mayi mpaka kupukuta misozi ndi nsalu.

A Magalasi anabwezera chingwe chawo, ndipo mbali ina ya TV anandinyamulitsa ine.

Ili pomwepo mpaka lero. Loweruka akubweranso, akuti mitundu ikufunika kuionanso, ndipo mayi achapa kale nsalu za pasofa.