Mpando wa Che Sumani

"Lachisanu lino ndikaswali mu mzikiti wa ku Pemba, ku Mozambiki! Inu zimezani fumbi la ku Chiponde pa njinga zamoto. Ine ndidutsa pamwamba panu, mudzangondiona kuphazi."

Anatero Che Sumani akuphwetera tiyi. Ntchito yawo inali yopirikitsa mbuzi pa kabwalo ka ndege ka loji ina cha ku Nkhudzi, koma akamayankhula mumayesa ndegeyo anagula ndi iwo.

Nkhani inali ya Nuru, mwana wawo mmodzi yekhayo. Anakwatiwa ku Pemba, nabereka komweko, ndipo mdzukuluyo Che Sumani ankangomumva kulira pa foni. Foni ikaduka ankaiyang'anabe kwa kanthawi, kenako n'kufunsa aliyense wapafupi ngati kulira kuja sikukufanana ndi kwa ana a mtundu wawo.

Tsono Jonathan, woyendetsa kandege konyamula alendo pakati pa nyanja yathu ndi gombe la Mozambiki, anawalonjeza mpando umene unalibe mwini.

Tsikulo anafika atavala mkanjo woyera, pasipoti m'manja, mlamu wawo Bilal akuwefuka pambuyo ndi thumba la usipa. Kwathu kuno khanda sitikaliona chimanjamanja, komanso Nuru ankadandaula kuti nsomba za m'nyanja yamchere zikumukanika kukhosi.

Alendo nawo anabwera ndi zimabotolo zachitsulo zopumira pansi pa madzi. Kandege kotere si minibasi yoti kondakitala angoti "sunthani pang'ono, mayi." Chilichonse chimakwera pa sikelo, katundu ndi mwini wake yemwe.

Che Sumani atakwerapo, Jonathan anakanda mutu.

"Achimwene, zimabotolozi zadya malo anu. Mwalemera."

"Ndivule mkanjo?"

"Ngakhale mutamete ndevu."

"Alamu," anatero Bilal, "ndinkakuuzani musale kudya sabata ino, inu n'kumati Ramadani inatha kale."

Che Sumani anayang'ana kum'mawa, kuseri kwa mapiri, kenako analoza thumba lija.

"Nanga ili?"

Bilal analiika pa sikelo.

"Ili likwera," anatero Jonathan. "Ndikampatsa ndekha Nuru."

Che Sumani analinyamula okha mpaka pakhomo pa ndege, nalisisita ngati mutu wa mwana.

"Ukamuuze kuti bambo ake..." anatero kuuza thumbalo.

Jonathan analikhazika pa mpando uja n'kulimanga lamba. Kandege kanathamanga, kananyamuka, thumba la usipa lili phee pawindo.