Akubwera m'Kampango

"Ndege yanji?" mayi Abiba anafunsanso, ngati kuti yankho loyamba lija silinawalowe m'khutu.

Rabson, msilikali mnzake wa Hafiz, anali atakhala pakhonde chipewa chili pabondo. Anamutuma ku Nkope kudzauza banjali kuti thupi lifika mawa pabwalo la ndege ku Lilongwe. Panali patapita masiku angapo chimvereni kuti Hafiz, mwana yekhayo wamwamuna wa mayi Abiba, wamwalira kudziko lakutali kumene anapita kukasungitsa mtendere. Masiku onsewo anthu ankangobwera ndi kubwerera pasiwa popanda maliro.

"Yonyamula katundu, amayi," anatero Rabson.

"Katundu?" Mayi Abiba anakoka mpango wawo kuphimba pakamwa. "Mwana wanga ndi katundu? Bwanji osamukweza ndege ya anthu, zija amakwera opita ku Haji?"

A Wadi, mlongo wawo wamkulu, anakhosomola. Iwo chimene chinali kuwasautsa n'chakuti Msilamu wakhala masiku onsewa osaikidwa.

"Achemwali, ndege ndi ndege. Chachikulu afike, timuveke sanda, timuike. Ine ndinyamuka m'mamawa ndi a shehe."

"Nanenso ndipita, a mjomba."

Anali Nuru, mkazi wa Hafiz, ataima pakhomo. Chifikireni uthengawo anali asanatulukepo m'nyumba.

"Iwe uli pa eda," anatero a Wadi osamuyang'ana n'komwe. "Mkazi wamasiye sayendayenda. Anthu adzati chiyani?"

"Popita ndinamuperekeza ndine mpaka pa basi. Pobwera akapeze kulibe wake womuchingamira?"

A Wadi anakalipa. "Nanga ine ukunditenga ngati galu? Si mwana wa mlongo wanga ameneyu?"

Nuru anangotsetsereka ndi chitseko mpaka kukhala pansi, n'kubisa nkhope m'mawondo.

Mayi Abiba sankamva za awiriwo. Mtima wawo unali utakakamira pa liwu limodzi lija, loti katundu. Ankamuona Hafiz atagonekedwa pakati pa matumba ndi matayala, mumdima, popanda womuyankhula.

"Mwananga," anatero kwa Rabson, "undiuze zoona. Ndege imeneyo ndi yotani?"

Rabson anapukuta manja pa thalauzi lake.

"Amayi, ndege zathu zili mitundumitundu. Pali jeti yomenyera nkhondo, imene mumamva phokoso lake iyo itadutsa kalekale. Pali helikopita, imene imatera paliponse. Ndi yomwe inamunyamula Hafiz kutchire kupita naye kuchipatala. Ndiye pali yaikuluyi, ya mapulopela m'mapikomu, yotsekukira kumbuyo. Imanyamula katundu, inde, koma nafenso asilikali timakwera momwemo. Popita tinakhalamo limodzi. Ndipo mawa sakhala yekha. Anzake akhala momuzungulira mpaka kutera."

Kenaka anaseka pang'ono, misozi ili chuchuchu.

"Kungoti Hafiz mayina amenewa sankawafuna. Ankati ndi a m'mabuku. Anazipatsa ake a kunyanja kuno. Jeti ankati ndi ncheni, poti ndi yowonda ndiponso yolusa. Ndege ya anthu ankati chambo, akuti ndi ya mabwana. Ma droni aja, tindege topanda munthu, ankati usipa. Helikopita yokha ndiyo inamusowetsa nsomba, anangoti tombolombo."

Nuru anadzutsa mutu.

"Nanga imene akubwerayo?"

"Kampango, alamu. Chifukwa cha chimimba chake. Gulu lathu lonse mpaka akuluakulu anayamba kutchula chomwecho."

Mayi Abiba anatulutsa mawu amene sanadziwike ngati n'kuseka kapena kulira. Mwana wa msodzi, mpaka kumwamba komweko.

"Akubwera m'kampango," anatero chapansipansi. Kenaka anatembenukira kwa mlongo wawo. "Achimwene, Nuru apita. Akhala pambali panga m'galimoto, tikabwerako alowa m'nyumba. A shehe ndikawauza ndekha."

A Wadi anatsekula pakamwa, koma ataona nkhope ya mlongo wawoyo anangonyamuka, n'kupita kukaona anyamata amene ankakonza jeneza, chonyamulira maliro, kuseri kwa nyumba.

"Sankaopa?" anafunsa mayi Abiba. "Kumwamba konseko?"

"Ngati ankaopa, sanationetse. Woopa ndinali ine, amayi. Mkatimo mulibe mipando ngati ya m'basi, mumakhala m'mbalimbali moyang'anizana, ndipo phokoso lake simungamvane. Ndege ikayamba kugwedezeka m'mitambo, ine ndinkatsinzina ndi mantha. Iye sankandiseka. Ankangondigwira chonchi."

Rabson anatambasula dzanja, n'kugwira la mayi Abiba mwaulemu. Analitembenuza chagada, n'kuyamba kugogoda pakati pa chikhatho ndi chala chachikulu, pang'onopang'ono, ngati mtima wa munthu amene ali m'tulo.

Mayi Abiba anauma thupi lonse. Umu ndi mmene iwo ankamugwirira Hafiz ali kamwana, mwera ukawapeza m'boti pochokera ku Makanjira, iye atabisa nkhope m'chitenje chawo. Sanamuuzepo kuti nawonso ankaopa, ndipo ankayesa kuti mwanayo anaiwala kalekale kagwiridwe kameneka.

Rabson atafuna kuchotsa dzanja lake, iwo analigwira zolimba.

"Usasiye, mwananga," anatero.