Nyimbo za Akulu Yotam

Basi ya ku Lilongwe itayamba kuliza hutala pa Jenda, akulu anga a Yotam adandipatsira kachikwama kakuda pawindo. Dzanja lawo linali litatsala mafupa okhaokha.

"Kompyutayi yakana kudzuka," adatero akutsokomola. "Iwe suja unanunkhizako koleji? Uikonze. Usaope, nyimbo zonse ndinasunganso pa madisiki ali kunyumba."

"Koleji yake iti, akulu? Yomwe idandipirikitsa ija?"

Adaseka mpaka chifuwa chidawatsamwitsa. Basi idanyamuka kupita nawo kuchipatala. Adabwerako ali m'bokosi.

A Yotam anali mphunzitsi. Kuyambira pomwe boma lidabwezera aphunzitsi a kumpoto kwawo, akuluwo ankapalasa njinga m'midzi ya ku Edingeni, kutola nyimbo za ingoma pakamwa pa madoda okalamba, n'kumazitaipa pa kompyuta yam'manja yomwe mmishonale wina adawasiyira pobwerera kwawo. Ambiri mwa madodawo anali atagona kale. Nyimbo zawo zidatsala m'kabokosi kosadzukako.

Maliro atatha ndidapita ku Mzimba boma kwa Cosmas, kalaliki wochokera ku Dedza, yemwe adachitako kosi ya makompyuta. Alamu anga a Marjory, mkazi wa malemu, adanditsatira atafungatira chitini cha mabisiketi momwe munali madisikiwo.

Cosmas adasinkhasinkha nayo kompyutayo, kenaka adapukusa mutu.

"Pulogalamu yoyendetsa makinawa yafa, achimwene. Ndili nayo ina, tiika. Koma zonse zili m'katimu zifufutika. Muli nazo pena?"

Ndidaloza chitini. Muofesimo munalibe kompyuta ina yoti tiyeserepo, ndipo ine sindidaganizeko n'komwe zoyesa. Akulu anali atanena kuti ndisaope.

"Ndiye dinani nokha. Ine za malemu sindikhudza."

Ndidakhala pampando wake. Iye ankandiuza polowetsa, ine ndikulowetsa. Makinawo adandifunsa m'Chingerezi ngati ndatsimikiza. Ndidadina chilembo chovomera. M'katimo mudamveka kukukuta ngati chiswe pa mtanda wa nyumba, kwa nthawi yaitali, mpaka galasi la kompyutayo lidayera n'kuwala.

"Yadzuka!" alamu adaomba m'manja. "Yewo chomene, mlamu. Achimwene anu sadaname, mutu mulinawo."

Kwa nthawi yoyamba chichokereni ku koleji, ndidamva ngati munthu.

Ndidatsegula chitini, n'kulowetsa disiki yoyamba, yolembedwa ndi dzanja la akulu. Idalira, idalira, makina n'kukana kuiwerenga. Ina chimodzimodzi. Inanso. Cosmas adatola imodzi, adakankha kachitsulo kake n'kusuzumira. M'katimo munali zoyerayera zouma ngati mchere.

"Mayi, izi zinanyowapo?"

Alamu adayang'ana iye, kenaka ine.

"Ankhazi, alongo awo a apongozi, adati katundu yense wa malemu atsukidwe ndi madzi a mankhwala tisanamugwire. Malaya, nsapato, lamba. Mbwenu nawonso tidawaviika." Mawu awo adayamba kuchepa. "Koma ndidawayanika bwinobwino, mlamu. Pamphasa, padzuwa, imodziimodzi. Ndinkawatembenuza ndekha kuti nkhuku zisapondepo."

Panja wina ankaitanira chimanga chootcha.

"Kompyutayo bwanji sadaitsuke?" adafunsa Cosmas motsitsa mawu.

"Inali ndi ine," ndidatero. "Ndidaibisa kuti ingaonongeke."

Alamu adayamba kubwezera madisiki m'chitini, akupukuta iliyonse ndi nsonga ya chitenje chawo chakuda. Pakamwa pawo pankatuluka kanyimbo kena ka ingoma komwe akulu ankakonda kuimba pometa ndevu. Adafika pakati, adaima, adabwerezanso poyambira, n'kuimanso pomwepo.

"Tiyeni tizimitse tiyatsenso," adatero Cosmas. "Mwina."

Tidazimitsa, tidayatsa. Galasi lidawala lopanda kanthu, kamzere kakang'ono kakuphethira pakona. Makinawo ankafunsa tsiku.

"Lembani la lero, achimwene."

Ndidalemba lomwe tidaika akulu m'manda. 14 Ogasiti 1993.